MOTA IKAKANA KUZUNGULIRA SINDIYE KUTI YAPSA

Phunziro locokera ku makina oumitsa zobvala

M'midzi zobvala ziuma pa cingwe, pa udzu kapena pa mpanda, ndipo dzuwa sililipiritsa ngwee ngakhale imodzi. Koma magetsi, amene ambiri acha malaiti, ali kufika m'malo ambiri kucokera pamene bungwe la Rural Electrification Authority linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2003. Pamodzi ndi magetsiwo pabwera makina oyenda ndi mota: mapampu a madzi, makina opera ciponde, mafani ndi makina ocapira. Makina otere akaima, mau oyamba amene mwini wace auzidwa ndi akuti mota yapsa. Mau amenewa adya ndalama za anthu ambiri, pakuti kawiri-kawiri mota ikhala ili bwino-bwino, ndipo cimene cafa ndi kanthu kakang'ono kamene kailamulira.

Makina oumitsa zobvala aphunzitsa bwino nkhani imeneyi, cifukwa m'kati mwace muli pafupi-fupi zinthu zonse zimene ziyambitsa mota, kuiteteza ndi kuiimitsa. Munthu amene wamvetsa makina amenewa sabvutika kumvetsa pampu kapena fani.

KUMENE ANACOKERA

Makina oumitsa zobvala ndi a ku maiko ozizira. Munthu wina wa ku North Dakota m'dziko la America, dzina lace J. Ross Moore, anapanga diramu lozungulira lopitamo mpweya wotentha, ndipo m'caka ca 1938 kampani ya Hamilton ya ku Wisconsin inayamba kugulitsa makinawo ndi dzina lakuti June Day. Kumeneko nthawi ya cisanu nsalu yoyanikidwa panja iuma gwa ndi madzi oundana.

M'dziko lino makina otere apezeka maka-maka m'zipatala, m'mahotela, m'malo ogona alendo ndi m'nyumba zina za m'tauni. Nchito yao ikula m'nyengo ya dzinja, pamene mvula igwa masiku angapo kosaleka. Pali cifukwa cinanso. Nchenche ija yochedwa putsi iikira mazira pa nsalu zacinyezi zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zace zilowa m'khungu la munthu, maka-maka la ana. Nsalu youmira m'makina sikumana ndi nchenche imeneyi. Kumudzi cochinjiriza cace ndico kusita zobvala ndi nsimbi yotentha bwino.

M'KATI MWA MAKINA

Zobvala zilowa m'diramu lacitsulo. Mota izunguza diramulo kupyolera mwa lamba wautali, ndipo mota yomweyo izunguzanso fani imene ikoka mpweya. Mpweyawo uyamba wadutsa pa elementi, waya wotentha wofanana ndi wa m'citofu ca magetsi, kenaka ulowa m'zobvala, nutenga cinyezi, nudutsa pa sefa yogwira timaulusi ta nsalu, nutuluka. Mota izungulira nthawi zoposa 1,400 pa mphindi imodzi, koma diramu lizungulira ngati ka 50 cabe, kuti zobvala zizikwera ndi kugwa.

Magetsi asanafike ku mota adutsa pa zipata zingapo zondondozana, monga mikanda pa ulusi umodzi. Coyamba ndi fyuzi ya m'pulagi. Caciwiri ndi swichi ya pa citseko, imene ikana kuti diramu lizungulire citseko ciri cotseguka. Cacitatu ndi fyuzi yomva kutentha, yochedwa thermal fuse. Kenaka pali batani loyatsira, ndi koloko yowerenga nthawi kapena bolodi la kompyuta m'makina a masiku ano. Makina ena alinso ndi swichi imene idula magetsi lamba akaduka. Cipata cimodzi cokha cikatsekeka, mota ikhala cete ngakhale iribe cirema ciri conse.

CIFUKWA CACE MOTA IFUNA COIYAMBITSA

Mota ya mtundu umenewu ichedwa induction motor. Anaitulukira ndi Nikola Tesla ku America ndi Galileo Ferraris ku Italy, yense payekha, ndipo zinadziwika m'caka ca 1888. Iri yolimba cifukwa iribe zinthu zambiri zokhulana, koma pa magetsi a m'nyumba iri ndi cofooka cimodzi.

Magetsi a ZESCO afika m'nyumba ndi mphamvu ya mavolti 230, ndipo apita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Mphamvu yotere ikankha citsulo ca m'kati mwa mota uku ndi uku, osacionetsa mbali yozungulira. Ziri ngati wokwera njinga amene pedulo lace laima pamwamba peni-peni: ngakhale aponde ndi mphamvu zonse, njinga sisuntha, kufikira wina ataikankha pang'ono.

Cifukwa ca ici mota iri ndi makoilo awiri a waya wamkuwa, lina loyendetsa ndi lina loyambitsa. Opanga makina atsata njira ziwiri. M'makina ambiri a ku America koilo loyambitsa ligwira nchito kamphindi kocepa, kenaka licotsedwa ndi swichi yochedwa centrifugal switch. Swichi imeneyi iri ndi tizitsulo togwidwa ndi masipuling'i. Mota ikathamanga, tizitsulo tija titayikira kunja, monga mwala wa pa gulaye ukoka cingwe pamene mnyamata auzunguza. Mota ikafika pa magawo atatu mwa anai a liwiro lace, swichi itseguka ndipo koilo loyambitsa lipuma. M'makina ambiri a ku Ulaya nchito yokankha igwiridwa ndi kapasita, kacitini kakang'ono kosunga magetsi, kambiri wa pakati pa 7 ndi 10 microfarad, amene akhala wolumikizidwa nthawi yonse imene mota iri kuyenda.

Pa nthawi yoyamba kuzungulira mota ikoka magetsi oposa kasanu amene ikoka ikakhala pa liwiro lace. Ici ndico cifukwa cace mota yolira osazungulira itentha msanga ndi kupsa.

MOYO UYAMBE

Asanamasule sikuruu ngakhale imodzi, munthu azule pulagi ku khoma. Kuzimitsa pa swichi kokha sikukwanira, pakuti m'nyumba zina mawaya analumikizidwa mosemphana. Kapasita angathe kusunga magetsi ngakhale pulagi yazulidwa, motero nsonga zace zisakhudzidwe ndi cala kufikira m'misiri atacotsamo magetsiwo. Waya wa earth, wa mtundu wobiriwira ndi wacikasu, usadulidwe ai. Ndiwo utengera magetsi pansi pamene waya wamoyo wakhudza citsulo ca makina, ndipo popanda iwo magetsiwo adzera m'thupi la munthu wogwira makinawo ndi manja onyowa.

Pali nchito ya mwini makina ndi nchito ya m'misiri. Mwini angathe kumvetsera, kununkhiza, kuyeretsa sefa, kuona fyuzi ya m'pulagi ndi kuzunguza diramu ndi dzanja pulagi itazulidwa. Kuyeza mawaya a m'kati ndi kwa munthu wophunzira za magetsi. Akulu anati safunsa anadya phula, koma pa magetsi wosafunsa angataye ndi moyo womwe.

MAKINA ALI CETE

Kudwala kwa makina kudziwika ndi zizindikiro, ndipo cizindikiro ciri conse ciloza malo ace. Coyamba ndi pamene munthu akanikiza batani koma osamva kanthu. Apa mota ndiyo yomaliza kuiganizira. M'misiri wanzeru ayamba ndi khoma: alumikiza nsimbi kapena nyale pa soketi yomweyo kuti aone ngati magetsi alipo. Kenaka aona fyuzi ya m'pulagi, imene pa makina otere iyenera kukhala ya 13 amp.

Zimenezi zikakhala bwino, apita ku citseko. Swichi ya pa citseko ikanikizidwa ndi kapulasitiki kakang'ono kamene kathyoka msanga anthu akamamenyetsa citseko. Swichi yamoyo imveka kuti "tha" poikanikiza ndi cala. Pambuyo pace ayeza fyuzi yomva kutentha ndi cipangizo cochedwa multimeter. Fyuzi yamoyo ilola magetsi kudutsa, yakufa ikana. M'makina ena fyuzi imeneyi ikafa iimitsa mota, m'makina ena idula elementi yokha, kotero kuti diramu lizungulira koma zobvala zituluka zonyowa.

Fyuzi yotere siifa popanda cifukwa. Kambiri ifa kaamba kakuti sefa kapena paipi yotulutsa mpweya yadzala ndi timaulusi, ndipo kutentha kwasowa kotulukira. Woika fyuzi yatsopano osayeretsa paipi adzagulanso ina posacedwa.

MOTA ILIRA KOMA SIZUNGULIRA

Cizindikiro caciwiri ndico coopsa kwa mota. Imveka kulira ngati njuci m'mng'oma, koma diramu liri cikhalire. Munthu azimitse nthawi yomweyo, osayesanso kawiri kapena katatu, pakuti kuyesa kuli konse kuocha makoilo.

Atazula pulagi azunguze diramu ndi dzanja. Likakhala lolimba, cinthu cina cagwira: sokosi yolowa m'fani, khobiri kapena msomali wocokera m'thumba, timaulusi toumbika, kapena mabering'i ouma. Diramu likazungulira mofewa, bvuto liri pa coyambitsa mota. M'makina a kapasita, kapasitayo ndiye woyamba kuyezedwa. Wakufa nthawi zina aoneka wotupa kapena wotuluka mafuta, koma wina afa osasintha maonekedwe. Ambiri anaonapo fani ya m'nyumba imene ilira cabe kufikira munthu atakankha tsamba lace ndi kamtengo. Fani yotere siinapse, kapasita wace ndiye watha. Kapasita watsopano akhale ndi manambala ofanana ndi olembedwa pa wakale, ndipo mtengo wace ucepa kutali poyerekeza ndi wa mota.

M'makina a centrifugal switch, fumbi la nsalu ligwira tizitsulo tija kotero kuti swichi sibwerera pamalo pace mota ikaima, ndipo koilo loyambitsa silirandira magetsi. Nthawi zina kuyeretsa kokha kuciritsa.

Magetsi ofooka nawonso aliritsa mota motero. Ici cicitika m'nyumba za kumapeto kwa laini, pa jenereta yaing'ono, kapena pamene makina alumikizidwa ndi cingwe cacitali ca waya woonda. Mababu akacita mdima pamene makina ali kuyesa kuyamba, m'misiri ayeze magetsi a pa khoma asanatsegule makina.

ZIZINDIKIRO ZINA ZINAI

Mota ikamveka iri kuthamanga bwino koma diramu osasuntha, lamba waduka kapena watsika pa pule. Pozunguza ndi dzanja diramu lotere likhala lopepuka koposa masiku onse.

Makina akayenda pamene cala ciri pa batani, naima cala cikacoka, ndiye kuti cimene ciyenera kulandira nchito kucokera kwa batani calephera. M'makina akale a ku America ici ndi mbali ina ya centrifugal switch, ndipo m'makina ena ndi relay, kaswichi koyendetsedwa ndi maginito. M'makina a ku America centrifugal switch yomweyo ndiyo ilola magetsi kupita ku elementi pokha-pokha mota iri kuzungulira, kuti zobvala zisapse diramu litaima. Motero makina ozungulira osatentha nthawi zina adwala pa swichi ya mota, elementi iri yamoyo.

Makina akayenda mphindi zingapo, naima okha, nabvomeranso atazizira, ndiye kuti kachinjirizo ka m'kati mwa mota kagwira nchito yace. Kameneka kadula magetsi makoilo akatentha koposa muyeso, ndipo kalumikiza kokha akazizira. Zifukwa zace ndi katundu wocuruka m'diramu, zobvala zosafinya bwino, fumbi lotseka mabowo opumira a mota, kapena mabering'i akutha. Munthu wopitiriza kuyatsa makina otere tsiku ndi tsiku ndiye adzaocha mota yeni-yeni.

Makina akayamba okha citseko cikangotsekedwa, kapena akakana kuima nthawi itakwana, kapena akazungulira mbali imodzi yokha pamene anapangidwa kuti azisintha mbali, m'misiri ayang'ana ma relay a pa bolodi. Tizitsulo ta m'kati mwace tithetheka moto pang'ono nthawi iri yonse tikakhudzana, ndipo patapita zaka tipserera kapena timatirirana. Kuseri kwa bolodi kuoneka banga lakuda kapena mtobvu wosweka. M'misiri wodziwa kuocherera angasinthe relay yokhayo m'malo mwa bolodi lonse. Makina ena atsopano ali ndi mota yoyendetsedwa ndi bolodi lochedwa inverter, ndipo alemba nambala ya bvuto pa galasi lace. Tanthauzo la nambalayo lipezeka m'buku la makinawo, pakuti kampani iri yonse iri ndi manambala ace.

MOTA YAKUPSADI IDZIWIKA BWANJI?

Mota yakupsa iri ndi umboni wace. Inunkha ngati utoto wopserera, ndipo waya wamkuwa wa m'makoilo uda bii. Pa multimeter koilo loduka silirola magetsi kudutsa. Magetsi akadutsa kucokera ku koilo kupita ku citsulo cakunja ca mota, mota imeneyo ndi yoopsa ndipo siyenera kuyatsidwanso. Mwini makina ali ndi ufulu wopempha m'misiri kuti amuonetse umboni umenewu asanalipire mota ina kapena kukulungitsanso makoilo. Afunsenso cimene cinaocha motayo, pakuti mota yatsopano yoikidwa pa kapasita wakufa kapena pa diramu lolimba idzapsa monga inzace.

NGOZI YA KULUMPHITSA WAYA

Pali cizolowezi coipa pakati pa okonza makina osaphunzira. Akapeza fyuzi kapena swichi yakufa, alumikiza mawaya awiri pamodzi kuti magetsi alumphe cipataco, ndipo makina ayenda. Mwini akondwera kuti walipira pang'ono, osadziwa kuti mlonda wa nyumba yace wacotsedwa. Popanda swichi ya pa citseko, diramu lingathyole dzanja la mwana. Popanda fyuzi yomva kutentha, palibe coimitsa makina pamene timaulusi tayamba kupsa, ndipo timaulusi tiyaka msanga ngati thonje louma.

Za ku Britain zionetsa kukula kwa ngoziyi. Mu November 2015 kampani ya Whirlpool inalengeza kuti makina ena a Hotpoint, Indesit ndi Creda, opangidwa pakati pa 2004 ndi 2015, angathe kuyaka moto timaulusi tikakhudza elementi. Makina okhudzidwa anali oposa mamiliyoni 5. Pa 19 August 2016 moto unabuka m'nyumba yosanja ya ku Shepherd's Bush mu London, ndipo panafunika ozimitsa moto 120. Ofufuza a London Fire Brigade anapeza kuti unayambira m'makina oumitsa zobvala a Indesit. M'caka ca 2019 kampaniyo inaitanitsa makina onse amene anali asanakonzedwe. Ngati makina ocokera ku fakitale angathe kuocha nyumba, nanga amene zochinjiriza zace zacotsedwa dala? Wogula makina akale a maina amenewa ocokera ku Britain afufuze nambala yace asanayatse.

MAKINA OGULA KALE NDI MAGETSI A KUNO

Makina ocokera ku Britain ndi ku South Africa agwirizana ndi magetsi a dziko lino, pakuti maiko onsewa agwiritsa mavolti 230 obwerera ka 50 pa sekondi. A ku America asiyana. Elementi yace ifuna mavolti 240, koma mota yace ifuna mavolti 120 okha, ndipo zonse zinapangidwira magetsi obwerera ka 60. Mota yotere ikalandira mavolti 230 ipsa. Manambala amenewa alembedwa pa kacitsulo kapena kapepala komata pakhomo pa diramu kapena kumbuyo kwa makina, ndipo wogula awerenge asanatulutse ndalama.

Makina a elementi adya mawati 2,000 kapena kuposa, pamene mota yokha idya mazana ocepa cabe. Motero sola yaing'ono ya m'nyumba, imene iyatsa mababu ndi wailesi, siingathe kuwanyamula.

Kuzima-zima kwa magetsi nakonso kuononga. M'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Magetsi akamabwera pambuyo pozima, nthawi zina afika ndi mphamvu yosakhazikika, ndipo mabolodi a kompyuta sapirira zimenezi. Magetsi akazima, kapena kukayamba ziphaliwali, pulagi izulidwe, ndipo ibwezedwe patapita mphindi zingapo magetsi atabwera.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Sefa iyeretsedwe nthawi iri yonse makina akatha nchito, ndipo paipi yotulutsa mpweya ikhale yosapindika. Matumba a zobvala apisidwe. Nsalu zogwera petulo, parafini kapena mafuta ophikira zisalowe m'makina. Makina asasiyidwe ali kuyenda pamene anthu agona kapena acoka panyumba.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'misiri wabwino ayamba ndi kufunsa kuti makina anacita ciani asanaime, kenaka atsata njira ya magetsi kucokera ku khoma, cipata ndi cipata, kufikira ku mota. Ndondomeko yomweyi ithandiza pa pampu ya m'dimba ndi pa makina opera ciponde. Anyamata ndi atsikana ofuna luso limeneli angaliphunzire m'masukulu a zaumisiri oyang'aniridwa ndi TEVETA, ndipo pamene magetsi ali kulowa m'midzi, mudzi wokhala ndi m'misiri wace sudzataya mota yamoyo cifukwa ca kapasita mmodzi wakufa.